"Ndinamuona ndi Maso Angawa"

Awa ndi mawu amene analankhulidwa pamsonkhano wathu wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba kuti amene simunabwere musatsalire.

Tiyambe ndi kamayeso, ndipo pasapezeke wina wopisa dzanja m'thumba. Ndalama ya K500 mwaigwira kangati chaka chino? Mwalipira nayo kabaza, mwagulira mayunitsi, ena mwakanganirana nayo ndi kondakitala wa minibasi. Kutsogolo kwake kuli John Chilembwe, zimenezo ngakhale mwana wa sitandade 3 akudziwa. Nanga kumbuyo kwake kuli chiyani? Ganizani kaye. Kuli damu la Mulunguzi la ku Zomba. Pa K200 pali mayi Rose Chibambo, ndipo kumbuyo kwake kuli Nyumba ya Malamulo ya ku Lilongwe. Amene mwakhoza zonse ziwiri dziombereni m'manja, koma ndikukayika ngati mwachuluka.

Ndiye taganizani. Chinthu chimene mumachigwira tsiku ndi tsiku, masana dzuwa likuswa mtengo, mtima uli m'malo, mwalephera kuchifotokoza. Nanga nkhope ya munthu amene mwangomuona masekondi asanu, usiku, magetsi atazima, iye atanyamula chikwanje?

Nkhani yathu lero ndi imeneyo. Ambiri mwa inu mukamva za forensic science, sayansi yofufuzira milandu ija, mumaganiza za anthu ovala magolovesi m'mafilimu, akutola tsitsi ndi kuunika zidindo za zala. Zilipodi zimenezo. Mfalansa wina, Edmond Locard, anatsegula labotale ya apolisi mumzinda wa Lyon mu 1910, ndipo mfundo imene amadziwika nayo ndi yakuti munthu akafika pamalo, amasiyapo kanthu ndipo amachokapo ndi kanthu: dothi kunsapato, ulusi wa malaya pawaya wa mpanda, magazi pagalasi. N'chifukwa chake apolisi amatchinga malo amene pachitika ngozi kapena umbanda, kuti anthu asapondeponde n'kusokoneza umboni. Koma pali umboni wina umene sungatchingidwe ndi chingwe, ndiwo uli m'mutu mwa munthu amene analipo. Umenewonso umapondedwa. Amauponda ndi anzake amene akukambirana naye, wapolisi amene akumufunsa, chithunzi chimene waona pa Facebook, ngakhale mwini wakeyo akamaibwereza nkhaniyo kwa anthu.

Vuto limayamba zinthu zisanafike n'komwe pokumbukira. Mu 1999, akatswiri awiri a pa yunivesite ya Harvard, Daniel Simons ndi Christopher Chabris, anaonetsa anthu kavidiyo ka magulu awiri akuponyerana mpira wa basketball, ena atavala zoyera, ena zakuda. Ntchito ya woonera inali kuwerenga kuti gulu limodzi laponyerana kangati. Mkati mwa kavidiyoko mumadutsa munthu wovala ngati gorila, chinyani chachikulu chija, akuyenda pakati pa osewerawo poyerayera. Pafupifupi theka la oonera sanamuone. Atawaonetsanso, ena ankakana kuti si vidiyo yomwe ija. Musaganize kuti amenewo anali anthu ogona. Mu 2013 ofufuza ena ku Boston anaika kachithunzi ka gorila m'zithunzi za mapapo n'kupatsa madokotala 24 odziwa kuwerenga zithunzi zoterezi kuti afufuze zotupa. Madokotala 20 sanamuone gorilayo, ndipo makina otsatira maso anaonetsa kuti ambiri mwa iwo anayang'ana pamalo pomwepo. Maso anafikapo, koma mutu unali pa zotupa.

Simons yemweyo ndi mnzake Daniel Levin anachitanso zina zoseketsa mu 1998. Munthu amaimitsa wodutsa n'kumufunsa njira. Ali mkati molankhula, pamabwera anthu onyamula chitseko n'kudutsa pakati pawo, ndipo wofunsa uja amasinthana ndi munthu wina kuseri kwa chitsekocho. Pafupifupi theka la ofunsidwawo ankangopitiriza kulozera njira, osazindikira kuti amene akulankhula naye si yemwe uja. Masana, popanda mantha aliwonse. Tsono onjezanipo mantha. Ofufuza anapeza kalekale kuti pakakhala mfuti kapena mpeni, maso a munthu amathamangira pa chidacho, ndipo nkhope ya wochinyamulayo amaikumbukira moperewera. Ndipo n'zomveka eti? Chimene chingakuphe ndi mpeniwo.

Tibwere ku kukumbukirako. Ambirife timaganiza kuti m'mutu muli ngati memore khadi ya mufoni: chalowa chalowa, ukafuna umangotsegula. Mayi wina wofufuza, Elizabeth Loftus, wathera moyo wake akuonetsa kuti sizili choncho. Mu 1974, iye ndi John Palmer anaonetsa ophunzira 45 mafilimu a ngozi za galimoto, kenako n'kuwafunsa liwiro la magalimotowo. Funso linali limodzi, koma anasintha mawu amodzi okha. Amene anafunsidwa kuti magalimotowo ankathamanga bwanji pamene "anaphwanyana" anayankha pafupifupi makilomita 65 pa ola. Amene anafunsidwa ndi mawu ofatsa, onga akuti "anakhudzana", anati pafupifupi makilomita 51. Filimu yomweyomweyo. Kenako anayesa ndi gulu lina la ophunzira 150, ndipo patapita sabata anawafunsa ngati anaona magalasi osweka. Mwa 50 amene anamva mawu oti kuphwanyana, 16 anati inde. Mwa 50 amene anamva mawu ofatsirapo oti kugundana, 7 okha ndi amene anati inde. M'filimumo munalibe galasi losweka ngakhale limodzi.

Anthu 16 amenewo sankanama. Apa mumvetsetse, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Munthu wabodza amadziwa zoona n'kunena zina, ndipo loya wochenjera akhoza kumukola ndi mafunso. Koma munthu amene m'mutu mwake mwalowa galasi limene kunalibe amaliona ndithu akatseka maso. Akhoza kulumbira atagwira Baibulo kapena Korani, misozi ili mbwembwembwe, ndipo chikumbumtima chake n'choyera.

Zimachitikanso pagulu. Pa 22 July 2005, patangopita masabata awiri mabomba ataphulika mumzinda wa London, apolisi anawombera ndi kupha mnyamata wa ku Brazil, Jean Charles de Menezes, pa siteshoni ya sitima ya Stockwell. Anamusokoneza ndi munthu wina amene ankamusaka. Tsiku lomwelo anthu ena amene analipo anauza atolankhani kuti mnyamatayo anavala chijasi chachikulu nthawi yotentha, ndipo anadumpha chotchinga polowera. Nkhaniyo inafalikira dziko lonse. Makamera a pa siteshonipo anadzaonetsa kuti anavala kajekete kopepuka ka jinzi, analowa bwinobwino ndi khadi lake, mpaka anatenga nyuzipepala yaulere ali m'njira. Anthu aja anaonadi anthu akuthamanga, anamvadi mfuti, ndipo m'masiku amenewo aliyense mu London ankaganiza za mabomba. Mutu unalumikiza zidutswazo n'kupanga nkhani yomveka.

Tsopano ndikufuna ndikhalitse pa mlandu umodzi, chifukwa mboni yake inachita zonse zimene ine ndi inu tingalangize mboni kuti ichite.

Mu July 1984, mumzinda wa Burlington ku North Carolina m'dziko la America, mwamuna wina anathyola nyumba usiku n'kugwirira mtsikana wa zaka 22, wophunzira pakoleji, dzina lake Jennifer Thompson. Mpeni uli pakhosi, mtsikanayu anatsimikiza mumtima kuti akapulumuka, munthu ameneyu adzamumangitsa. Ndiye anayamba kumuyang'anitsitsa dala: maso, mphuno, kametedwe, mawu, ngati ali ndi chipsera. Anamunyengerera mpaka anapeza mpata wothawa. Kupolisi anathandiza kujambula nkhope ya munthuyo, ndipo chithunzicho chitafalitsidwa, wina anaimba foni n'kutchula dzina la mnyamata wogwira ntchito palesitilanti ina pafupi, Ronald Cotton, nayenso wa zaka 22.

Apolisi anamuyalira Jennifer zithunzi zisanu ndi chimodzi. Anaziyang'ana kwa mphindi zingapo, n'kuloza cha Cotton. Patapita masiku anamuitananso kuti adzaone amuna ataimikidwa pamzere. Anavutika pakati pa awiri, kenako analoza Cotton. Atatero anauzidwa kuti ndi yemwe uja anamuloza pazithunzi, ndipo mtima wake unakhala pansi. Pofika kukhoti mu January 1985 analibenso chikayiko chilichonse. Cotton anagamulidwa kukakhala kundende moyo wake wonse, kuwonjezerapo zaka 50.

Ali kundendeko kunabwera mkaidi wina, Bobby Poole, wofanana naye moti ena ankawasokoneza. Cotton anamva kuti Poole wakhala akuuza anzake kuti mlandu uja anapalamula ndi iye. Mu 1987 mlanduwo unazengedwanso, ndipo Poole anabweretsedwa m'khoti, Jennifer ali pomwepo. Anamuyang'ana n'kunena kuti munthu ameneyu sanamuonepo chibadwire. Mwamva? Munthu weniweni amene anamuchita chipongwe uja anaima patsogolo pake, iye osamuzindikira, chifukwa m'mutu mwake nkhope ya usiku uja inali itasanduka kale ya Cotton. Cotton anabwerera kundende ndi chilango chokulirapo.

Chinamutulutsa ndi DNA. Mu 1995 anayeza kaumboni kakang'ono kamene kanasungidwa kuchokera mu 1984, ndipo kanaloza Poole. Cotton anatuluka mu June chaka chimenecho, atataya zaka zoposa khumi. Awiriwa anadzakumana patapita zaka ziwiri, Cotton anamukhululukira, ndipo mu 2009 anatulutsa limodzi buku lotchedwa Picking Cotton. Akhala akuyenda limodzi kulimbikitsa kuti apolisi asinthe kachitidwe kawo.

Funso n'lakuti zinalakwika pati. Ine sindiona cholakwa mwa Jennifer. Taonani bwino ndondomeko ija. Pazithunzi zisanu ndi chimodzi zija, cha Poole panalibe. Munthu akayaliridwa nkhope n'kumaganiza kuti wolakwayo ali pomwepo, amasankha amene akufanana naye kwambiri kuposa enawo, monga mmene timachitira pamayeso osankha yankho tikakhala kuti sitikudziwa. Kenako pamzere paja, mwa onse amene anaimikidwa, Cotton yekha ndi amene analinso pazithunzi. Nkhope yake inaoneka yodziwika, inde, koma yodziwika kuchokera kuti? Ndiye panabwera mawu aja omutsimikizira kuti waloza yemweyo. Mu 1998 Gary Wells ndi Amy Bradfield anayesa zimenezi: anaonetsa anthu vidiyo, n'kuwapatsa zithunzi zimene wolakwayo munalibemo, kotero aliyense amene analoza analakwa. Ena anauzidwa kuti achita bwino, aloza woganiziridwayo. Amenewo atafunsidwa pambuyo pake ananena kuti anali otsimikiza kuyambira pachiyambi, kuti anamuona bwino, kuti anatchera maso kwambiri. Chiyamikiro chamawu ochepa chinasintha ngakhale mmene ankakumbukirira kuona kwawo. Pali chinanso: Jennifer ndi mzungu, Cotton ndi Poole ndi akuda, ndipo kafukufuku wambiri waonetsa kuti anthu timalakwitsa kwambiri pozindikira nkhope za mtundu umene sitinakule nawo. Tikamaseka kuti Matchaina onse ndi ofanana, dziwani kuti nawonso amatiseka chimodzimodzi.

Cotton si yekha. Bungwe la Innocence Project, limene linayamba mu 1992 ku New York, linawerenga milandu 375 ya anthu amene anamasulidwa ndi DNA ku America, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 iliyonse munali mboni imene inaloza munthu wolakwika. Chiwerengerochi muchimve bwino, musakachinene mokhota kunja uku. Sichikutanthauza kuti mboni 7 mwa 10 zilizonse zimalakwa. Chikunena za milandu imene tikudziwa kale kuti inalakwika, kuti chimene chinailakwitsa kawirikawiri n'chiyani.

Ndipo ndisakusiyeni ndi maganizo oti mboni n'zopanda ntchito. Milandu yambiri, makamaka kumene kulibe makamera ndi malabotale okwanira, imaima pa mboni basi. Kuzindikira mlamu wako kapena mnzako wa m'kalasi n'kosiyana ndi kuzindikira mlendo. Ofufuza a masiku ano amanenanso kuti ngati mboni yayesedwa koyamba mwaukhondo, popanda womulozera, ndipo yaloza mwachangu n'kunena pomwepo kuti ikutsimikiza, nthawi zambiri imakhala yolondola. Chimene sichidalirika ndi kutsimikiza kwa m'khoti patapita miyezi, munthu atamuona woganiziridwayo kangapo. N'chifukwa chake m'madera ambiri anasintha malamulo: woyendetsa mzere asakhale wodziwa kuti woganiziridwa ndi uti, mboni iuzidwe kuti mwina wolakwayo palibe pamzerepo, oimikidwa onse afanane ndi mmene mboniyo inafotokozera poyamba, ndipo kutsimikiza kwake kulembedwe nthawi yomweyo m'mawu ake.

Makhoti nawo anaphunzira movutikira. Ku London, munthu wina wa ku Norway, Adolf Beck, anapezeka wolakwa kawiri, mu 1896 ndi mu 1904, pamilandu yobera amayi mwachinyengo, amayi oposa khumi atamuloza. Wakuba weniweni anagwidwa Beck ali m'chitokosi, ndipo manyazi a mlanduwu anathandiza kuti mu 1907 akhazikitse khoti la apilo la milandu yaupandu. Mu 1976, pa mlandu wa Turnbull, khoti la apilo ku England linalamula kuti mlandu ukaima pa kuzindikira nkhope, woweruza azichenjeza kuti mboni yoona mtima ikhoza kulakwa, ndipo mboni zingapo zikhoza kulakwira limodzi. Linaperekanso mafunso oyenera kufunsa, ndipo makhoti a kuno ku Malawi nawonso amautchula mlandu umenewu. Unamuona kwa nthawi yaitali bwanji? Unali patali bwanji? Kunkawala motani? Panali chokutchinga? Unamuonapo kale, ndipo kangati? Panadutsa nthawi yaitali bwanji kuti udzamuloze kupolisi? Zimene unafotokoza tsiku loyamba zikugwirizana ndi munthu waima apayu?

Tsono tabwerani nawo mafunso amenewa pamsika wathu kapena padepoti. Wina wakuwa kuti "Wakubaaa!" Anthu atembenuka, aona mnyamata akuthamanga, ndipo pasanathe mphindi ziwiri wazunguliridwa, wina wanyamula kale njerwa, wina akufunsa za petulo. Mukafunsa gululo, aliyense anena kuti wamuona. Koma ndi angati anaona dzanja likulowa m'chikwama? Ambiri anaona munthu akuthamanga, ndipo anamva mawu oti wakuba. Mawu amenewo amagwira ntchito yomwe ija ya mawu oti kuphwanyana kwa ophunzira a Loftus. Ronald Cotton anali ndi loya, woweruza, apilo, ndipo pamapeto pake DNA, komabe zinamutengera zaka zoposa khumi. Mnyamata wa pamsika uja alibe chilichonse mwa zimenezi, ndipo akafa palibe labotale imene ingamudzutse. Kulanga munthu mwa gulu ndi mlandu ngakhale atakhala kuti wabadi, koma ine chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti gulu silikhala ndi nthawi yofunsa ngakhale limodzi mwa mafunso aja. N'chimodzimodzi ndi kutumiza chithunzi cha munthu m'magulu a WhatsApp n'kulemba kuti uyu ndi amene akuba njinga kuno. Kupatula kuika moyo wake pachiswe, mwawononga mboni zonse za m'deralo, chifukwa mawa zikakaloza kupolisi sizidzadziwa ngati zikukumbukira wakubayo kapena chithunzi chanucho.

Ndiye inuyo tsiku lina mukadzapezeka pamalo pamene pachitika zinthu, mudzatani? Choyamba dzitetezeni, umboni sufunika kuposa moyo wanu. Mukakhala pabwino, lembani msanga, musanayambe kukambirana ndi wina aliyense, ngakhale mufoni momwemo kapena kudzijambula mawu. Kukambirana kuja n'kokoma, ndikudziwa, tonse timafuna kumva kuti mnzathu waona chiyani, koma pakatha mphindi khumi simudzathanso kusiyanitsa zanu ndi zake. Polembapo siyanitsani zinthu zitatu: zimene mwaona, zimene mwamva kwa ena, ndi zimene mukuganiza. "Anatuluka m'shopu akuthamanga, atanyamula chikwama chofiira kudzanja lamanzere" ndi zimene mwaona. "Anaba chikwama" ndi zimene mukuganiza, ngakhale zitakhala zoona. Lembaninso za inuyo: munaima pati, kunali kuwala kotani, munali mutamwa kapena ayi, magalasi anu munavala kapena anali m'thumba.

Pofotokoza munthu, mawu oti wamtali, wakuda, wovala jinzi sathandiza, theka la tauni ndi lotero. Msinkhu muyerekeze ndi chinthu chimene chikhalepo mawa, monga kuti mutu wake unalekeza pati pachitseko. Yang'anani zimene sangavule pakona: chipsera, mano otuluka, kutsimphina, kalankhulidwe ka kwawo. Malaya munthu amataya akuthawa, nsapato kawirikawiri amapitirira nazo. Ikakhala galimoto kapena njinga yamoto, nambala ndiye yofunika, ndipo ngati mwagwira zilembo ziwiri zokha lembani ziwirizo, osadzaza zotsalazo ndi zongoganiza. Za nthawi samalani nazo, chifukwa munthu akachita mantha zinthu za masekondi makumi awiri amaziona ngati zatenga mphindi zisanu.

Kupolisi kapena kukhoti, mawu oti "sindikudziwa" ndi "sindinaone bwino" ndi umboni wathunthu, musachite nawo manyazi. Pachikhalidwe chathu wamkulu akakufunsa funso kawiri, umayamba kuganiza kuti yankho loyamba silinamusangalatse, ndiye umasintha. Pamenepa ulemu umenewo ukhoza kumangitsa munthu. Wapolisi akafunsa kuti "anavala chipewa chakuda, eti?" inu simunaone chipewa, nenani kuti chipewa simunachione. Akakuimikirani anthu pamzere ndipo palibe amene mukumuzindikira, nenani choncho, osasankha woyandikira. Ndipo sitetimenti yanu muiwerenge, kapena akuwerengereni, musanasaine.

Kutchera maso kumaphunzirika pang'ono, ngakhale sikungakusandutseni kamera. Mukakwera minibasi, yesani kuyang'ana munthu mmodzi, mukatsika mulembe zisanu za iye. Kapena awiriawiri: yang'anani shelefu ya m'golosale kwa theka la mphindi, tembenukani, aliyense alembe payekha, kenako mufananitse ndi shelefuyo. Chimene mudzaphunzirepo kwambiri ndi kuchuluka kwa zinthu zimene mwalemba motsimikiza koma pashelefupo palibe.

Wapampando wavomera kuti pamsonkhano wina mwezi ukubwerawu, tsiku lake sitinena, munthu wina adzalowa muno misonkhano ili mkati, adzachita kanthu, n'kutuluka. Aliyense adzapatsidwa pepala kuti alembe payekha zimene waona ndi kuti akutsimikiza motani, kenako tidzaonera limodzi vidiyo yake. Muzibwera ndi cholembera.